Zikondwerero za m'chipululu cha Thar zikutaya eni ake

Chaka chilichonse, Okutobala akamatha kapena m'Novembala, nyuzipepala ndi masamba a pa intaneti a m'maiko ambiri amadzaza ndi zithunzi zochokera ku Pushkar, katauni ka m'chigawo cha Rajasthan, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la India. Zithunzizo sizisintha kwenikweni: ngamila zovekedwa mikanda ndi mabelu, amuna a nduwira zofiira akuwotha moto mbandakucha, ndiponso dzuwa likulowa kuseri kwa milu ya mchenga. Munthu woona zithunzi zokhazo angaganize kuti moyo wa m'chipululu cha Thar ukuyendabe monga unkayendera kale. Koma kalembera wa ziweto wa boma la India akunena zina. Mu 1992 dzikolo linali ndi ngamila pafupifupi 1 miliyoni, pofika mu 2012 zinali zitatsika kufika cha m'ma 400,000, ndipo mu 2019 zinangotsala pafupifupi 250,000, zambiri mwa izo zili ku Rajasthan komweko. Ine ndikuona kuti akuluakulu a chigawochi akhala akusamala kwambiri za maonekedwe a zikondwerero za m'chipululu kuposa moyo wa anthu amene anaziyambitsa, ndipo akapanda kusintha adzatsala ndi bwalo la zionetsero lopanda eni ake.

Chipululu cha Thar n'chachikulu masikweya kilomita pafupifupi 200,000, ndipo chili m'maiko awiri, India ndi Pakistan. Chimasiyana ndi zipululu zambiri chifukwa mumakhala anthu ochuluka zedi, ngakhale kuti kumadera ngati Jaisalmer mvula ya chaka chonse nthawi zambiri imangofika cha m'ma mamilimita 200, ndipo imagwa makamaka pakati pa Julaye ndi Sepitembala. Banja la kumeneko silingadalire munda wokha. Limalima mchewere ndi nyemba zopirira chilala, koma chuma chake chenicheni chimakhala m'khola, chifukwa mvula ikakana chiweto chimatha kuyenda kukafuna msipu pamene munda sungasamuke. Anthu a kumeneko amakumbukirabe njala ya 1899 ndi 1900, imene amaitchula kuti Chhappaniya, monga umboni wa zimene dziko lawo limachita likakwiya.

M'dziko lotere, momwe midzi ili patalipatali ndipo abusa a ziweto amatha miyezi ali m'tchire, pankafunika tsiku ndi malo odziwika kwa aliyense, kumene wogulitsa angakumane ndi wogula popanda kutumizirana uthenga. Chimene chinkapereka tsikulo chinali mwezi wa kumwamba, ndipo chimene chinkapereka malowo chinali kachisi, dziwe lopatulika kapena manda a munthu woyera. N'chifukwa chake ku Rajasthan msika ndi pemphero zinakulira pamodzi, moti kulekanitsa ziwirizi n'kusamvetsa zonse ziwiri. Ku Pushkar kuli nyanja yaing'ono yozunguliridwa ndi malo 52 a masitepe otsikira m'madzi, ndiponso kachisi wa Brahma, mmodzi mwa akachisi ochepa kwambiri a mulungu ameneyu mu India monse. Ahindu amakhulupirira kuti kusamba m'nyanjayo mwezi wa Kartik, wa pa kalendala yawo, uli wathunthu kumachotsa machimo. Malonda a ziweto amachitika masiku angapo tsikulo lisanafike, pamchenga wa kunja kwa tauni, pa nthawi imene mvula yatha, ziweto zanenepa ndipo mlimi ali ndi kangachepe m'thumba. Mbusa ankagulitsa, n'kugula zofunika za chaka, n'kusamba m'madzi oyera, kenako n'kubwerera kwawo atakwaniritsa zonse pa ulendo umodzi.

Dongosolo lomweli limaoneka kwina. Ku Tilwara, msika wa ziweto umachitikira pamchenga wa mtsinje wa Luni, umene umayenda madzi nthawi ya mvula yokha, ndipo umachitika m'Marichi kapena m'Epulo pokumbukira Rawal Mallinath, wolamulira wa m'zaka za m'ma 1300 amene anthu amamulemekeza monga woyera. Ku Nagaur, m'Januwale kapena m'Febuluwale, kumagulitsidwa ng'ombe zolimira za mtundu wa Nagauri pamodzi ndi milu ya tsabola wofiira. Ku Kolayat, pafupi ndi mzinda wa Bikaner, anthu amasonkhana padziwe la Kapil Muni tsiku lomwelo limene ena ali ku Pushkar. Misonkhano imeneyi ikaikidwa pamodzi imapanga kalendala ya ntchito ya chipululu chonse.

Anthu amene nkhani yawo ikuonetsa bwino zimene zasokonekera ndi a Raika, omwe amatchedwanso Rebari. Iwowa ndiwo aja a nduwira zofiira amene amakongoletsa zithunzi. Malinga ndi chikhulupiriro chawo, mulungu Shiva anawalenga n'cholinga choti azisamala ngamila, ndipo pa chifukwa chimenechi anali ndi malamulo awoawo okhwima: sankapha ngamila, sankagulitsa yaikazi, ndipo mkaka wake ankamwa okha kapena kupatsa mlendo kwaulere. Ndalama zawo zinkachokera ku ngamila zazing'ono zamphongo, zimene ankazigulitsa kamodzi pachaka ku misika ngati Pushkar ndi Tilwara kwa alimi ndi anthu a ngolo. Choncho msika wa pachaka unali malipiro a chaka chonse a banja la Raika, ndipo mtengo wa ku Pushkar ukagwa, kunyumba kunkagwa njala.

Palibe chifukwa chonamizira kuti boma lokha ndi limene linagwetsa malondawa. Mathirakitala ndi malole analanda ntchito ya ngamila, ndipo palibe mlimi amene angaimbidwe mlandu chifukwa chosankha makina othamanga. Ngalande yaikulu ya Indira Gandhi, imene inayamba kukumbidwa mu 1958, inabweretsa madzi ochokera ku Punjab n'kusandutsa malo odyetsera ziweto kukhala minda yothirira. Nkhalango zina za m'mapiri a Aravalli, kumene abusa ankapita nthawi ya mvula, zinasanduka malo otetezera nyama zakutchire ndipo ziweto zinaletsedwamo. Achinyamata a Raika ambiri anapita kukagwira ntchito m'mizinda. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, abusa ena atasowa mtengo wogwira anayamba kuphwanya mwambo wawo n'kumagulitsa ngamila zazikazi kwa amalonda amene ankapita nazo kokaphedwa kunja kwa chigawochi.

Apa ndi pamene boma la Rajasthan linalowererapo, ndipo apa ndi pamene ndikulidzudzula. Mu 2014 linalengeza kuti ngamila ndi nyama yoimira chigawochi, ndipo mu 2015 linakhazikitsa lamulo loletsa kupha ngamila komanso kuitulutsa m'chigawocho popanda chilolezo cha akuluakulu a boma. Cholinga chinali chabwino, ndipo ena mwa a Raika omwe anali atapempha kuti boma lichitepo kanthu pa kugulitsidwa kwa ngamila zazikazi. Koma lamulolo silinasiyanitse munthu wogula ngamila kuti akaiphe ndi mlimi wa m'zigawo zoyandikana za Haryana, Punjab kapena Uttar Pradesh wogula yamphongo kuti izikamukokera ngolo. Ogula ochokera kunja, amene ndiwo ankakweza mitengo, anaona kuti kuyenda m'maofesi kufuna chilolezo ndi kuopsezedwa ndi apolisi m'njira n'kovuta, ndipo ambiri anangoleka kubwera. Mitengo inalowa pansi. Mbusa amene sangagulitse mwana wa ngamila alibe chifukwa choberekesera make, ndipo kalembera akuonetsa zotsatira zake: ngamila za ku Rajasthan zinatsika kuchoka pa 326,000 mu 2012 kufika pa 213,000 mu 2019, m'zaka zomwezo zimene nyamayi inkalemekezedwa ndi kutetezedwa papepala. Pambuyo pake boma linayamba kupereka ndalama zokwana 10,000 za ku India pa mwana wa ngamila aliyense wobadwa, zomwe kwa ine zikungotsimikiza kuti linazindikira kuti msika unali utafa, koma linasankha kupereka chipepeso m'malo moutsegulanso.

Nanga msika wa ku Pushkar wasanduka chiyani? Ngamila zikubwerabe, koma n'zochepa poyerekeza ndi kale, ndipo malonda aakulu tsopano ndi a akavalo a mtundu wa Marwari, amene amagulidwa ndi anthu olemera. Nthambi ya boma yoona zokopa alendo ndi imene imakonza ndandanda ya zochitika: mpikisano wa ndevu zazitali, mpikisano wokongoletsa ngamila, mpikisano womanga nduwira, masewera a anthu a m'deralo ndi alendo ochokera kunja, ndi zoimbaimba za usiku. Mahema a alendo olipira ndalama zambiri amamangidwa pamchenga womwewo. Ku Jaisalmer, m'Febuluwale, kumachitika chikondwerero cha chipululu cha masiku angapo chimene chimathera pa milu ya mchenga ya ku Sam, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzindawo, ndipo ku Bikaner m'Januwale kumachitika chikondwerero cha ngamila. Ziwiri zomalizazi sizinachokere ku kachisi kapena ku msika wa abusa. Zinakonzedwa ndi boma n'cholinga chokopa alendo, ndipo zilibe vuto malinga ngati zikutchulidwa moona mtima kuti ndi zionetsero. Vuto limabwera pamene kuyenda bwino kwa chionetsero kukutengedwa ngati umboni woti mwambo uli moyo.

Otsutsana nane ali ndi mfundo yolimba, ndipo sindikufuna kuichepetsa. Iwo amati ndalama za alendo ndi zimene zikusunga zinthu zambiri zomwe zikanatha kalekale. Oimba a Manganiyar ndi a Langa, amene ndi Asilamu ndipo kwa mibadwo yambiri ankadalira mabanja owasunga powaimbira pa maukwati ndi pa kubadwa kwa ana, anapeza omvera atsopano pamene mabanja aja anasauka kapena kusamukira m'tauni, ndipo ena mwa iwo aimba m'mabwalo akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America. Nyimbo ndi magule a anthu a Kalbelia, amene kale ankadziwika ndi kugwira njoka, zinalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2010 pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa, ndipo akazi ambiri a mtunduwo amadyetsa mabanja awo povina pa zikondwerero. Mwini ngamila amene amakweza alendo pamsana wa nyama yake ku Sam amapeza ndalama imene sakanaipeza m'munda. Zonsezi n'zoona, ndipo munthu wokhuta amene akufuna kuti osauka akhalebe monga analili n'cholinga choti iye azisangalala ndi zachikale alibe chilungamo.

Komabe mfundo imeneyi ikuyankha funso lina, osati langa. Ngamila zokweza alendo n'zochepa, ndipo pafupifupi zonse n'zamphongo zimene zinabadwira m'magulu a abusa. Magulu amenewo akatha, ngakhale ngamila ya chionetsero idzasowa kochokera. Komanso ndalama zazikulu za alendo zimathera kwa eni mahotela, eni mahema ndi makampani okonza maulendo, pamene mbusa amene wayenda masiku ambiri ndi ziweto zake amajambulidwa, mwina n'kupatsidwa kandalama kochepa, kenako n'kubwerera ndi ngamila zomwe anabwera nazo. Pa chikondwerero chimene makolo ake anachiyambitsa, iye wasanduka chokongoletsa.

Amene akufuna kuona chikondwerero chimene chidakali m'manja mwa eni ake apite ku Ramdevra, makilomita pafupifupi 12 kuchokera ku Pokhran, dera lija limene India anayeserako mabomba a nyukiliya mu 1974 ndi mu 1998. Kumeneko kuli manda a Baba Ramdev, mwana wa banja lachifumu la Tanwar amene anakhalako zaka pafupifupi 600 zapitazo. Amakumbukiridwa chifukwa chokana tsankho la magulu amene Ahindu amabadwiramo, ndipo n'chifukwa chake anthu a Meghwal ndi ena amene kale ankaonedwa ngati osayenera kukhudzidwa amamukonda kwambiri. Pafupi ndi manda ake pali a Dali Bai, mkazi wa Chimeghwal amene anali wotsatira wake. Asilamu nawonso amamulemekeza ndipo amamutchula kuti Ramsa Pir, ndipo pali nthano yoti anthu oyera asanu ochokera ku Mecca anabwera kudzamuyesa n'kukhutira ndi mphamvu zake. Kachisi amene alipo lero anamangidwa mu 1931 ndi Maharaja Ganga Singh, mfumu ya ku Bikaner.

Chikondwerero cha ku Ramdevra chimachitika m'mwezi wa Bhadrapada, cha m'Ogasiti kapena m'Sepitembala, nthawi imene kunja kumatentha ndipo alendo ochokera kunja kwa dziko amakhala ochepa. Anthu mazana a zikwi amabwera kuchokera ku Rajasthan konse, ku Gujarat, ku Madhya Pradesh ndi madera ena, ndipo ambiri amayenda wapansi kwa masiku angapo atanyamula mbendera. Kuchokera mumzinda wa Jodhpur mokha ndi mtunda wa makilomita oposa 150. Amabweretsa tiakavalo tosokedwa ndi nsalu monga chopereka, popeza Ramdev amajambulidwa atakwera kavalo. M'mphepete mwa misewu, amalonda, mabanja ndi timagulu ta m'midzi timamanga misasa mmene oyenda amadyera, kumwa tiyi, kugona ndi kutsukidwa zilonda za kumapazi popanda kulipira kanthu. Akazi a mtundu wa Kamad amavina gule wa Terah Taali atakhala pansi, tizitsulo tolira titamangidwa m'manja ndi m'miyendo, ndipo amachita zimenezi monga pemphero kwa Ramdev. Gule yemweyo amaonetsedwanso m'mahotela a ku Jaipur ndi ku Udaipur, koma ku Ramdevra womuonera nayenso ndi wopembedza.

Palibe nthambi ya boma imene ingalembe ndandanda ya zinthu zotere. Msonkhanowu ukukula chifukwa anthu ali ndi chifukwa chawochawo chopitira kumeneko: wina analonjeza mwana wake atadwala, wina akuthokoza chifukwa cha mvula, ndipo wina akupita kumalo amodzi mwa ochepa kumene makolo ake sankaimitsidwa pakhomo chifukwa cha gulu lobadwiramo. Chimodzimodzi ku Gogamedi, m'boma la Hanumangarh, kumene Gogaji, amene amakhulupiriridwa kuti amateteza anthu ku njoka, amalemekezedwa ndi Ahindu ndi Asilamu omwe. Pa nthawi ino pamene andale ena a ku India amapeza mavoti posiyanitsa zipembedzo ziwirizi, malo amene anthu a mbali zonse amagwada pa manda amodzi ndi ofunika kuposa chionetsero chilichonse cha ngamila yovina.

Sindikunena kuti boma lingokhala manja lende pa zikondwerero za chipembedzo. Khamu lalikulu limapha. Pa 30 Sepitembala 2008, tsiku loyamba la chikondwerero cha Navratri, anthu oposa 200 anafa atapondana pa kachisi wa Chamunda Devi, m'linga la Mehrangarh ku Jodhpur. Oyenda wapansi kupita ku Ramdevra amagundidwa ndi magalimoto m'misewu, makamaka usiku, pamene ambiri amayenda pothawa dzuwa. Pamene ziweto zambiri zasonkhana, matenda amafala, monga zinaonekera mu 2022 pamene nthenda ya zotupa za pakhungu inapha ng'ombe zambirimbiri ku Rajasthan ndipo misika ya ziweto inaimitsidwa. Ntchito ya boma pa malo amenewa ndi madzi akumwa, zimbudzi, njira zapadera za oyenda wapansi, zipatala zoyendayenda, madokotala a ziweto, sitima zapadera ndi apolisi odziwa kuyendetsa khamu. Ntchito zimenezi sizioneka pa chithunzi chokopa alendo, ndipo mwina n'chifukwa chake nduna sizithamangira kukazitsegulira, koma ndizo zimene mwini chikondwerero amafuna.

Pali chinthu china chimene zikondwererozi zimasunga, chomwe woona zithunzi sangachidziwe, ndicho malo. Anthu a Bishnoi amatsatira malamulo 29 amene anaperekedwa ndi Guru Jambheshwar, yemwe anabadwa mu 1451 ndi kuyambitsa gulu lawo mu 1485, ndipo ena mwa malamulowo amaletsa kudula mtengo wauwisi ndi kupha nyama. Amasonkhana kawiri pachaka ku Mukam, m'dera la Bikaner, kumene kuli manda ake, n'kumathira mafuta a mkaka wa ng'ombe pamoto wa nsembe ndi kukambirana nkhani za mtundu wawo. Amasonkhananso ku Khejarli, pafupi ndi Jodhpur, pokumbukira zimene zinachitika mu 1730, pamene antchito a Maharaja Abhay Singh anabwera kudzadula mitengo ya khejri kuti akawotchere laimu womangira nyumba yachifumu. Amrita Devi ndi ana ake aakazi atatu anakumbatira mitengoyo n'kuphedwa, ena anawatsatira, ndipo onse amene anafa analipo 363, mpaka mfumuyo inaletsa kudula mitengo m'midzi ya a Bishnoi. Mwana amene amapita ku Khejarli chaka ndi chaka amakula akudziwa kufunika kwa mtengo wa khejri, umene masamba ake amadyetsa ziweto m'chilala ndipo nyemba zake zimaphikidwa ndiwo, ndipo akakula amakhala wokonzeka kutsekereza njira ya aliyense wobwera ndi nkhwangwa.

Si a Bishnoi okha amene ali ndi mwambo wotere. Midzi yambiri ya m'chipululu ili ndi nkhalango yopatulika, yotchedwa oran, imene inaperekedwa kwa mulungu kapena woyera wa pamalopo. Ili ngati msitu wa kumanda kwathu kuno, umene munthu salowamo ndi nkhwangwa mwachisawawa, kungoti mu oran ziweto zimaloledwa kudyamo ndipo nthawi zambiri mumakhala dziwe losunga madzi a mvula. Ku Deshnok, makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Bikaner, alendo amathamangira kukaona makoswe amene amalemekezedwa m'kachisi wa Karni Mata, ndipo ochepa okha amadziwa kuti dzina la mayi yemweyo limatetezanso nkhalango ya msipu imene ili pafupi ndi tauniyo. Chikondwerero cha pachaka pa kachisi wa mu oran ndi nthawi imene mudzi umakumbutsana malire a malowo ndi malamulo ake. Pemphero limateteza msipu, msipu umadyetsa ngamila, ndipo ngamila ndi imene imapita ku Pushkar.

Unyolo umenewu tsopano ukudulidwa pakati. Nkhalango zambiri zotere sizinalembedwe m'mabuku a malo a boma monga nkhalango zopatulika kapena malo odyetsera ziweto, koma monga malo opanda ntchito, ndipo malo opanda ntchito boma limatha kuwapereka kwa aliyense. Chipululu cha Thar chili ndi dzuwa ndi mphepo zochuluka, moti chasanduka likulu la magetsi a dzuwa ku India. Malo opangira magetsi a ku Bhadla okha amatulutsa mamegawati oposa 2,000. Magetsiwo ndi ofunika, ndipo dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni silingawakane. Koma m'boma la Jaisalmer anthu a m'midzi akhala akuyenda maulendo ataliatali a wapansi podandaula kuti nkhalango zawo zikutchingidwa ndi mipanda ya makampani, ndipo a Bishnoi akhala akuchita zionetsero chifukwa cha mitengo ya khejri imene ikudulidwa pokonza malo oika magalasi a dzuwa. Mu Disembala 2024 khothi lalikulu kwambiri la India linalamula boma la Rajasthan kuti liyeze ndi kulemba nkhalango zopatulikazi n'kuziteteza monga nkhalango. Chigamulocho n'chabwino, koma chili ndi msampha wake: ngati kulembedwa kumeneku kudzachititsa kuti alonda a nthambi ya zankhalango ayambe kuthamangitsa abusa, monga zinachitikira m'mapiri a Aravalli, ndiye kuti cholakwa cha 2015 chidzabwerezedwa, chinthu chidzatetezedwa polanda amene ankachisamala.

Zoyenera kuchita sizovuta kuzitchula. Lamulo la 2015 likonzedwe kuti ngamila zamphongo zizigulitsidwa kunja kwa chigawochi popanda mbusa kapena wogula kuzunzika m'maofesi, pamene zazikazi zikutetezedwabe. Nkhalango zopatulika zilembedwe m'dzina la midzi yake, ndipo ufulu wodyetsamo ziweto ulembedwe pamodzi nazo. Koposa zonse, ngamila ipatsidwe ntchito yatsopano, ndipo ntchito imene yaonetsa chiyembekezo ndi mkaka. Bungwe la Lokhit Pashu-Palak Sansthan la ku Sadri, limene lakhala likugwira ntchito ndi a Raika kuyambira m'zaka za m'ma 1990 mothandizana ndi dokotala wa ziweto wa ku Germany, Ilse Köhler-Rollefson, linaonetsa kuti abusa amasunga ngamila zazikazi akakhala ndi kogulitsa mkaka. M'chigawo choyandikana cha Gujarat, kampani ya Amul inayamba kugulitsa mkaka wa ngamila mu 2019 kuchokera kwa abusa a ku Kutch. Ku Bikaner kuli malo ofufuzira za ngamila amene anakhazikitsidwa mu 1984. Nzeru zilipo, ndipo chimene chikusowa ndi malo ozizira osonkhanitsirako mkaka pafupi ndi kumene abusa amadyetsa, zomwe zingatheke ndi gawo chabe la ndalama zimene zimathera pa kutsatsa zikondwerero.

Bungwe la United Nations linasankha 2024 kukhala chaka cha ngamila ndi nyama za mtundu wake, ndipo ku Rajasthan kunachitika misonkhano ndi zokamba zambiri. Ine ndingakhulupirire kuti boma lamva pokhapokha litachita zinthu zing'onozing'ono zimene mbusa angazione ndi maso: madzi ndi chakudya cha ziweto pamchenga wa ku Pushkar zikhalepo iye asanafike, malo ake ogulitsira asamasunthidwe pofuna kupereka danga kwa mahema a alendo, ofesi yopereka zilolezo ikhale pamsika pomwepo kuti wogula wochokera ku Haryana anyamuke ndi ngamila yake tsiku lomwelo, ndipo m'komiti yokonza chikondwererocho mukhale a Raika okhala ndi mawu pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama.